Ya 600 kapena ya 1000? Chimene chimapweteka thumba si mtengo wogulira

Munthu amene wasunga ndalama kwa zaka kuti agule njinga yamoto yothamanga, kaya ali ku Johannesburg, ku Manchester kapena akuitanitsa ali ku Lilongwe, amakumana ndi chinthu chimodzi chosokoneza mutu tsiku loyamba lomwe. Pamsika wa njinga zakale, ya injini ya 600cc ndi ya 1000cc za zaka zofanana nthawi zambiri sizitalikirana kwambiri pa mtengo. Wogulitsa amadziwa zimenezi, ndipo amangomuuza kasitomala kuti awonjezere pang'ono atenge yaikuluyo, poti yaing'onoyo adzatopa nayo msanga. Ambiri amagwera pomwepo. Chisoni chimabwera pakatha miyezi ingapo, tayala lakumbuyo litasalala, kapena tsiku limene gudumu lazungulira palokha potuluka pakona.

Njinga ziwirizi zikaimikidwa limodzi, wodutsa sangazisiyanitse. Yamaha R6 ndi Yamaha R1 ndi chitsanzo chabwino chifukwa zili paliponse. R1 inatuluka mu 1998, R6 n'kutsatira mu 1999. Pa mitundu yake ya posachedwapa, R6 imalemera makilogalamu pafupifupi 190 ili ndi mafuta, R1 pafupifupi 200, kusiyana kosafika ngakhale theka la thumba la ufa la makilogalamu 25. Zonse zili ndi thanki ya malita 17, masilinda anayi, magiya sikisi, ndipo mpando wake ndi wautali masentimita pafupifupi 85. Kusiyana kuli m'kati. R6 ya 599cc imatulutsa mphamvu pafupifupi 118 hp, R1 ya 998cc imafika 200 hp. Galimoto zambiri zonyamula banja sizifika pamenepo, chonsecho zimalemera kupitirira tani imodzi.

Chimene ogula ambiri sayang'ana ndi malo amene mphamvuyo imapezeka. R6 imapereka mphamvu yake yonse injini ikamazungulira ka 14,500 pamphindi, ndipo mphamvu yake yokoka, pafupifupi 62 Nm, imakwanira pa 10,500. Pansi pa 8,000 njingayi imakhala ngati ili mtulo. Wokwera amene akufuna kupitirira lole pamsewu ayenera kutsitsa magiya awiri kapena atatu kaye kuti idzuke. R1 ili ndi mphamvu yokoka yoposa 110 Nm, ndipo ngakhale ili m'giya yomaliza, kungopereka moto pang'ono imachoka. Kumapiri vutoli limakula. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita opitirira 1,700, choncho R6 kumeneko imatsala ndi pafupifupi 100 hp, pomwe R1 imatsalabe ndi pafupifupi 170. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Dedza kuposa apo.

N'chifukwa chake maganizo amene ambiri ali nawo, oti ya 600 ndi yapamsewu ndipo ya 1000 ndi ya kubwalo la mpikisano, ali chadodolido. Pamsewu wa tsiku ndi tsiku, ya 1000 ndiyo yosavuta kuyendetsa: siifuna kusinthasintha magiya, siilira kwambiri, ndipo paulendo wautali siitopetsa makutu. Ya 600 ya masilinda anayi inapangidwira bwalo, ndipo m'tauni imakhala ngati galu wosaka amene wamangidwa pakhonde.

Koma kufewa kwa ya 1000 kuli ndi msampha. Njinga zamtunduwu zimapitirira makilomita 140 pa ola zili m'giya yoyamba. Ku South Africa malire a liwiro pamsewu waukulu ndi 120, kutanthauza kuti munthu akhoza kulipitsidwa ndi apolisi asanagwire n'komwe giya yachiwiri. Makampani akuluakulu anagwirizana cha m'ma 2000, Suzuki Hayabusa itadzidzimutsa anthu mu 1999, kuti njinga zawo zisamapitirire 299 pa ola, ndipo ya 1000 iliyonse yamakono imayandikira pamenepo. Pa liwiro la 100, njinga imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Pa 200 imadutsa 56, koma mtunda wofunika kuti iime suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Ya 600 nayonso imafika 200 mosavuta, koma imayamba yachenjeza: injini imakuwa, wokwera amasintha magiya, amadziwa chimene akuchita. Ya 1000 imakafika uko mwakachetechete, munthu akuganiza kuti akadali pa 130. Pamsewu wa M1, pamene mbuzi, ngolo, njinga yakapalasa yonyamula makala kapena mwana wasukulu angatulukire paliponse, masekondi awiri oganiza molakwikawo ndi moyo wa munthu, ndipo kawirikawiri si wa wokwera yekha.

Palinso nkhani ya zaka, imene pamsika wa zakale ndi yofunika kuposa dzina la kampani. Zipangizo zamagetsi zoteteza wokwera zinabwera mochedwa. BMW S1000RR, imene inatuluka mu 2009, ndiyo inatchukitsa traction control, chipangizo chimene chimachepetsa moto tayala lakumbuyo likayamba kuterera. Kawasaki ZX-10R inalandira chipangizochi mu 2011, R1 mu 2012, ndipo mu 2015 R1 inabwera ndi kachipangizo koyeza mmene njinga yapendekekera. Suzuki GSX-R1000 ya 2005, imene okonda njinga amaitamandabe mpaka lero, ili ndi mphamvu zoposa 170 hp popanda traction control, popanda ABS. Chimene chimaima pakati pa wokwera ndi phula ndi dzanja lake lamanja basi. Vuto n'lakuti za 1000 zotchipa, zimene woyamba kumene amazikwanitsa, ndi zomwezo za zaka zimenezo. Munthu amene ndalama zake zikungokwana ya 1000 ya 2006 angachite bwino kuziika pa Kawasaki ZX-6R ya 636cc ya 2013 kupita m'tsogolo, imene ili ndi traction control, kapena R6 ya 2017 imene ili ndi ABS yomwe.

Kubwalo la mpikisano

Amene ali ku South Africa ali ndi mwayi umene ambiri alibe: mabwalo amene munthu wamba amalipira n'kulowa ndi njinga yake pa masiku otchedwa track day. Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, ndi yotalika makilomita 2.4. Killarney ku Cape Town imapitirira pang'ono makilomita atatu. Kyalami, imene inachititsapo mipikisano ya World Superbike, ndi makilomita 4.5. Kulinso Red Star Raceway cha ku Delmas ndi Phakisa ku Welkom, kumene Valentino Rossi anapambana mu 2004 pa mpikisano wake woyamba atalowa Yamaha. Ku Zimbabwe kuli Donnybrook ku Harare.

Pa mabwalo ngati amenewa m'pamene ya 600 imabweza ndalama za mwini wake. Pa bwalo lalifupi ngati Zwartkops, malo oongoka amatha ya 1000 isanatambasule miyendo. Wokwera wake amafika pakona ali pa liwiro limene lamuopsa, amamanga mabuleki msanga, amakhota mwamantha, kenako amadikira njinga iimirire kuti apereke moto. Tsiku lonse amaphunzira chinthu chimodzi, kuthamanga poongoka, chimene aliyense amatha. Wa 600 alibe mphamvu zobisira zolakwa zake. Akalowa pakona ndi giya yolakwika, injini imagona ndipo anzake amamusiya. Kuti ayende bwino ayenera kuphunzira kuchedwetsa mabuleki, kusunga liwiro pakati pa kona, ndi kupereka moto msanga, ndipo akapereka wochulukirapo pang'ono tayala silimutaya nthawi yomweyo. Si zachilendo pa track day kuona wa 1000 akudutsa mnzake poongoka, wa 600 n'kumubwezera pakona yotsatira, mpaka tsiku kutha.

Ngakhale kwa akatswiri, mphamvu zowonjezerazo zimagula nthawi yochepa kuposa mmene munthu angaganizire. Pa mipikisano yapadziko lonse, njinga za gulu la Superbike zimaposa za gulu la Supersport ndi masekondi atatu kapena anayi okha pa kuzungulira kumodzi kwa mphindi imodzi ndi theka. Ku Isle of Man, kumene amapikisana pamisewu wamba yotalika makilomita oposa 60, Peter Hickman mu 2023 anazungulira pa avareji ya makilomita pafupifupi 219 pa ola ali pa BMW ya 1000. Chaka chomwecho Michael Dunlop anazungulira pa avareji ya pafupifupi 210 ali pa Yamaha R6. Ngati anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi amapeza kusiyana kochepa chonchi, wokwera wa Loweruka ndi Lamlungu sangayembekeze kuti ma cc 400 owonjezera amusandutsa katswiri.

Njira imene akatswiriwo anadutsa ikunenanso chimodzimodzi. Brad Binder wa ku Potchefstroom anatenga chikho cha Moto3 mu 2016 pa kanjinga ka 250cc, n'kukhala zaka zitatu mu Moto2 asanalowe MotoGP, kumene anapambana ku Brno mu 2020. Gulu la Moto2 limenelo linkagwiritsa ntchito injini ya Honda CBR600RR kuyambira 2010 mpaka 2018. Toprak Razgatlıoğlu wa ku Turkey, amene anatenga chikho cha World Superbike mu 2021, anayamba watenga cha Superstock 600 ku Ulaya mu 2015. Ya 1000 ili ndi malo ake, makamaka pa bwalo lalitali ngati Kyalami kapena Phakisa, m'manja mwa munthu amene wafika poti ya 600 akuimaliza yonse. Anthu otere alipo, koma ndi ochepa kuyerekeza ndi amene amadziyesa otero.

Ndalama zimene siziwoneka pa tsiku logula

Matayala ndiwo amadya kwambiri. Kutsogolo zonse zimavala 120/70-17. Kumbuyo ya 600 imavala 180/55-17, pomwe ya 1000 imafuna 190/55-17 kapena 200/55-17, amene ndi odula kuposa. Kuwonjezera apo, mphamvu yokoka ya injini yaikulu imapala labala msanga. Tayala lofewa lakumbuyo pa ya 1000 nthawi zambiri limatha lisanafike makilomita 6,000 pamsewu, ndipo kubwalo, m'manja mwa wothamanga, likhoza kutha m'masiku awiri. Woyenda makilomita 10,000 pachaka awerengere matayala awiri akumbuyo ndi limodzi lakutsogolo, afunse mtengo wake asanagule njinga, osati atagula. Kumudzi kuno masaizi amenewa sapezeka mwachisawawa monga a njinga za kabaza. Kawirikawiri amachita kuitanitsa ku Joni, ndiye pamabweranso ndalama ya mayendedwe, msonkho ndi vuto la ndalama zakunja. Njinga ikhoza kukhala pakhonde mwezi wathunthu kudikira tayala limodzi.

Tcheni, masiproketi ndi mabuleki zimatsatira njira yomweyo: injini yaikulu imazimaliza msanga. Pa mafuta kusiyana n'kochepa kuposa mmene anthu amaganizira, poti ya 600 imayenda injini ikuzungulira kwambiri. Zonse zimayenda pafupifupi makilomita 14 kapena 15 pa lita, zimene kwa munthu wozolowera njinga ya 125cc ndi nkhani yomvetsa mutu. Zonse zimafuna petulo wa 95. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, choncho njinga yoimikidwa miyezi yambiri ndi thanki yosadzaza imayamba dzimbiri m'kati.

Kuyeza mavalavu ndi ntchito ina imene ogulitsa sakonda kuitchula. Pa Honda, Suzuki ndi Kawasaki zambiri zamtunduwu buku limati pa makilomita 24,000 aliwonse, pa Yamaha pafupifupi 40,000. Ndi ntchito ya maola ambiri, ya mavalavu 16, yofuna makaniko amene anaigwirapo. Njinga imene ikugulitsidwa ili pa makilomita 23,000 kapena 47,000 mwina ikugulitsidwa pachifukwa chomwechi, ndipo wogula ali ndi ufulu wopempha lisiti kapena kuchotsera mtengo wa ntchitoyo. Inshuwalansi nayo imakwera ndi kukula kwa injini komanso kuchepa kwa zaka za wokwera, ndipo mapolisi ambiri salipira ngozi yochitikira kubwalo la mpikisano. Wopita ku track day adziwe kuti njinga ikagwa, mapulasitiki, rediyeta ndi ekizozi ndi za m'thumba mwake.

Msika wenieniwo wasintha, ndipo izi zikukhudza mitengo. Malamulo a utsi a Euro 5 atayamba, Yamaha inasiya kugulitsa R6 yapamsewu ku Ulaya kumapeto kwa 2020, n'kutsala ndi ya kubwalo yokha. R1 yatsatira njira yomweyo kuyambira 2025. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene R6 yakale yosamalika imakanirira pa mtengo. M'malo mwa za 600 zakale, makampani abweretsa gulu lina lapakati: Aprilia RS 660 ya 100 hp mu 2020, Yamaha R7 ya 689cc ndi 73 hp mu 2021, Suzuki GSX-8R ndi Triumph Daytona 660 mu 2024, pambali pa Honda CBR650R ndi Kawasaki Ninja 650. Zambiri mwa izi ndi za masilinda awiri kapena atatu. Pa pepala zimaoneka zofooka, koma mphamvu yake yokoka imabwera msanga, pamene munthu amaifuna pamsewu. R7 imakoka kuposa R6, ndipo imatero pa 6,500 osati 10,500, kwinaku ikuyenda makilomita oposa 20 pa lita. Kwa munthu amene maulendo ake ambiri ndi apamsewu ndipo kubwalo amapitako kawiri kapena katatu pachaka, gulu limeneli ndilo loyenera kuliyang'ana poyamba, ngakhale anzake pamalo ochezera sangamuimbire m'manja monga akanachitira ndi R1.

Amene ali ku Britain lamulo limawasankhira kale. Chiphaso cha A2 chimalola njinga yosapitirira 35 kW, ndipo njinga yochita kuchepetsedwa mphamvu isakhale yoposa 70 kW poyambirira. R6 siilowa m'menemo, R7 imalowa. Chiphaso cha A, chopanda malire, munthu amachipeza mwachindunji akafika zaka 24, kapena atakhala zaka ziwiri ndi A2. Ku South Africa zinthu n'zotayirira: wa zaka 18 amene wakhoza mayeso a Code A akhoza kukwera ya 1000 tsiku lomwelo.

Wofuna kubweretsa njinga yotere ku Malawi aganizirenso za msewu weniweniwo. Zonse ziwiri mimba yake ili masentimita pafupifupi 13 kuchokera pansi, ndipo mashoko ake amayenda masentimita pafupifupi 12 okha. Hampu yaitali ya pa tauni yaing'ono imakhula ekizozi, dzenje limodzi lolowedwa pa liwiro limapinda limu, ndipo msewu wafumbi wopita kumudzi ndi chilango. Pa mfundo iyi ya 600 ndi ya 1000 n'chimodzimodzi.

Pogula yakale, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Njinga zambiri zamtunduwu zinagwapo, ndipo mapulasitiki atsopano amabisa zambiri. Tizibowo tating'ono pa bawuti yotsitsira oyilo ndi pa mabawuti a mabuleki ndi chizindikiro choti inkapikisana, poti malamulo a mipikisano amafuna kuti mabawutiwo amangidwe ndi waya. Tizitsulo toimitsa chiwongolero pakhosi pa fulemu tikakhala topindika kapena towotcherera, njingayo inamenyeka mwamphamvu. Kubwalo pakokha sikuwononga njinga, ndipo zina za kumeneko zimasamalidwa kuposa zapamsewu, koma mtengo wake uyenera kutsika ndipo wogulitsa anene poyera. Injini iyambitsidwe ili yozizira, wogula ali pomwepo. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsiriza a DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo chaka, choncho 1519 ndi tayala la sabata ya 15 ya 2019, loyenera kutayidwa ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Ku South Africa mapepala amanena mbiri. Code 2 ndi njinga yogwiritsidwapo ntchito wamba, Code 3 ndi imene inawonongeka kwambiri n'kumangidwanso, ndipo a inshuwalansi ndi mabanki ambiri amaikayikira. Code 4 ndi yoti inathetsedwa, siingalembetsedwenso. Yotuluka nayo m'dzikomo imafuna chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa. Amene akuitanitsa ku Japan achenjere ndi china: njinga zimene zinkapangidwira msika wa m'dzikomo zaka za m'ma 2000 zinkachepetsedwa mphamvu ndi kutsekeredwa pa 180 pa ola. Honda CBR1000RR ya 2004 ya ku Japan inali ndi pafupifupi 94 hp, pomwe yotumizidwa kunja inali ndi zoposa 170. CBR600RR ya 2003 ya m'dzikomo inali ndi pafupifupi 69 hp. Dzina ndi maonekedwe n'zomwezo, ndiye wolipira mtengo wa yamphamvu zonse afunse kaye kuti ndi ya msika uti.

Kukasitomu njinga ziwirizi sizikhala pa mzere umodzi. M'buku la misonkho limene mayiko amagwiritsa ntchito, njinga zoposa 500cc mpaka 800cc zili pa 8711.40, ndipo zoposa 800cc pa 8711.50. Wogula apite kwa eyijenti kapena ku MRA ndi manambala awiriwa, chaka cha njinga ndi mtengo wake, amuwerengere zonse ziwiri asanatumize ndalama. Pa chiwerengero chomwecho awonjezere helemeti yotseka nkhope yonse, magolovesi, majombo ndi jekete yokhala ndi zotetezera msana. Mabwalo ambiri salola munthu kulowa popanda zovala zachikopa, ndipo suti yabwino yokha ikhoza kudya ndalama zofanana ndi kusiyana konse kwa mtengo wa ya 600 ndi ya 1000 kumene wogulitsa uja ankati n'kochepa.